KILINIKI YA PAFUPI NDIYO DOKOTALA WA BANJA LANU

Mwezi wathawu ndinapita ku sitesheni ya mabasi ya Intercity kukalandira amalume anga amene anacokera ku mudzi kwathu m'boma la Petauke. Iwo anali atavutika ndi mutu ndiponso cizungulire kwa miyezi itatu, ndipo pofuna ndarama za ulendo anagulitsa mbuzi zinai ndi matumba awiri a nshawa. Potsika m'basi anandiuza kuti za makiliniki aang'ono iwo sazifuna, abwera kudzaonana ndi dokotala weniweni wa mu Lusaka.

M'mawa mwace tinalawirira ku cipatala cina cacikulu, ndipo funso loyamba pa khomo linali lakuti, "Nanga kalata yocokera ku kiliniki iri kuti, atate?" Kalata panalibe. Tinabwerera ku Kabwata kumene ine ndikhala, ndi kukaima pa mzere pa kiliniki ya m'dera lathu. Namwino anawamanga cipimo pa mkono, napeza kuti magazi ao athamanga kopitirira, matenda amene anthu amawacha BP. Anawapatsa mapiritsi, nawauza kuti acepetse mcere ndi kumabwera kudzapimitsa mwezi ndi mwezi. Cipimo cotere ndi mapiritsi otere akanazipeza pa kiliniki ya kwathu, ulendo wa ola limodzi pa njinga kucokera pa khomo pao. Mbuzi zinai zinapita caje.

Nkhani ya amalumewa ndiyo yandicititsa kulemba sabata ino, cifukwa ndidziwa kuti m'midzi ya ku Nyimba, Katete, Chadiza, Chipata ndi Lundazi alipo ambiri amene aganiza monga iwo. Ganizo langa ndi ili, kuti kiliniki imene iri pafupi ndi nyumba yanu ndiyo dokotala wa banja lanu, ndipo uthenga umene ipereka pa cipupa ndi pa msonkhano wa mudzi uposa nkhani zambiri zimene timamva pa wailesi. Akulu akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Poyamba tiyenera kumvetsa m'mene zipatala za Boma zinakonzedwera. Ziri ngati makwerero. Pansi pali tizipatala ta m'midzi ndi makiliniki, pamwamba pace zipatala za pa boma, kenaka zipatala za cigawo monga Chipata Central, ndipo pamwamba peni-peni pali zipatala zophunzitsira madokotala monga UTH ndi Levy Mwanawasa. Maganizo awa si atsopano. M'caka ca 1978 maiko anasonkhana mu mzinda wa Alma-Ata nagwirizana kuti thandizo la zaumoyo liyambire kumene anthu akhala, ndipo Zambia inayamba kutsata njira imeneyi m'caka ca 1981.

Ngakhale anthu a mu Lusaka momwe sathamangira ku UTH akamva mutu. Wa ku Chelstone ayamba pa kiliniki ya Chelstone, wa ku Kabwata ayamba pa ya Kabwata, wa ku Mtendere, Kalingalinga ndi Bauleni cimodzimodzi. Pofuna kucepetsa unyinji wa odwala ku UTH, Boma mothandizidwa ndi dziko la Japan linakulitsa makiliniki asanu kukhala zipatala zokhala ndi zipinda za opaleshoni. Zipatalazi ndi Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata, ndipo Chipata ameneyu ndi komboni ya mu Lusaka, osati tauni ya kum'mawa ija. Cipatala ca Levy Mwanawasa, cimene muciona kufupi ndi Chainama basi ikapitirira Chelstone pa mseu wa Great East, cinatsegulidwa m'caka ca 2011 pa cifukwa comweco. Tsono ngati mwini mzinda ayamba pa kiliniki, mlendo wocokera kutali adzalumpha bwanji makwerero onse?

Kalata imene kiliniki ilemba potumiza wodwala si pepala wamba ai. M'menemo muli zimene anapima, mankhwala amene anayesa kale, ndi cimene akayika. Dokotala wa ku cipatala cacikulu akaiwerenga sayambanso pa ciyambi. Wodwala amene afika cimanjamanja amataya masiku, ndipo masiku a mu tauni adya ndarama: basi, cakudya, malo ogona. Okhawo a ngozi ya pa mseu, mai amene akutaya magazi, munthu wokomoka kapena wolephera kupuma, ndiwo ayenera kuthamangitsidwa ku cipatala ciri conse capafupi popanda kudikira kalata.

Pamene tinali pa mzere tsiku lija ndinakhala ndi nthawi yowerenga mapepala omata pa cipupa, ndipo ndinaona kuti anthu ambiri amawapitirira osawayang'ana. Komatu uthenga wa makiliniki a mu Lusaka ndi womwewo umene ukhudza inu a ku mudzi, ndipo ndifuna kuchulako zinthu zisanu.

Coyamba ndi ca malipiro. Boma linacotsa ndarama zolipira pa makiliniki a kumidzi mu Epulo 2006, ndipo m'caka ca 2012 linacotsanso pa makiliniki a m'matauni. Munthu akakuuzani kuti mupereke kanthu kuti muonane ndi namwino msanga, kapena akafuna kukugulitsani mankhwala a Boma kuseri, dziwani kuti akukuberani, ndipo nkhaniyo mukaitule kwa woyang'anira kiliniki.

Caciwiri ndi BP ndi shuga. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa m'caka ca 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali onse m'Zambia ali ndi BP yokwera. Kale tinali kunena kuti awa ndi matenda a mabwana a mu tauni, koma lero afika ndi kumidzi komwe. Coopsa cace ndi cakuti munthu akhoza kukhala nao zaka zambiri osamva kupweteka kuli konse, mpaka tsiku lina agwa m'munda, dzanja ndi mwendo zafa, pakamwa papotoka, abale nayamba kulozana zala kuti wina wamulodza. Kupimitsa kutenga mphindi zowerengeka. Ndipo amene wayamba mapiritsi asaleke cifukwa cakuti mutu waleka kuwawa, pakuti BP sicira monga malungo, imangogonekedwa ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku.

Cacitatu cikhudza azimai. M'caka ca 2006 makiliniki a mu Lusaka anayamba kupima khansa ya khomo la ciberekero mwa njira yapafupi, yopaka viniga ndi kuyang'ana, ndipo nchito imeneyi inafalikira m'zigawo zonse. Cilonda cikapezeka cisanakule amacithetsa msanga. Cikacedwa, ulendo wace ndi wa ku cipatala ca khansa ca mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007, kumene mai akhoza kukhala miyezi kutali ndi ana ace. Kuyambira m'caka ca 2019 atsikana alandira katemera woteteza ku kacirombo koyambitsa khansayi. Azibambo, musaletse akazi anu kukapimitsa, ndipo inu amai musaope. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Cacinai ndi sikelo ya ana. Kawiri pa caka pamakhala sabata ya umoyo wa ana, pamene ana osakwana zaka zisanu alandira vitamini A, mankhwala a njoka za m'mimba ndi katemera amene anaphonya. Khadi la sikelo ndi mbiri ya mwana. Mai akabwera ku Lusaka kudzaceza kapena kudzadwazika, anyamule khadilo, cifukwa kiliniki iri yonse ya Boma idzapitiriza pamene ya kwao inalekezera.

Cacisanu ndi kolera. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unagwira anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700 m'dziko muno. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala mu Januwale 2024, ndipo masukulu anacedwa kutsegula mpaka mwezi wa Febuluwale. Ambiri mwa akufawo anafera kunyumba kapena pa njira, asanafike m'manja mwa anamwino. Kolera ipha mwa kutha madzi m'thupi, ndipo ikhoza kumaliza munthu wamphamvu tsiku limodzi. Munthu akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, musungunule masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'ono-pang'ono muli pa ulendo wa ku kiliniki ya pafupi. Basi ya ku Lusaka si ambulansi.

Ena adzati, nanga anthu a ndarama a kumayadi, ku Woodlands ndi ku Kabulonga, bwanji ali ndi madokotala ao-ao amene amawalipira? Ndi zoona, makiliniki olipira alipo ambiri kumeneko, ndipo ena mwa iwo alandira makhadi a inshuwalansi ya Boma ya NHIMA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2018. Koma tiyeni tifunse cimene munthu wa kumayadi agula ndi ndarama zace. Kweni-kweni agula kudziwika. Dokotala wace adziwa kuti atate a munthuyu anafa ndi shuga, adziwa mankhwala amene amamutupitsa thupi, adziwa m'mene BP yace inaliri caka catha. Cinthu cimeneci inu muli naco kale popanda kulipira, ngati mupita pa kiliniki imodzi nthawi zonse ndi kusunga buku lanu losang'ambika. Namwino amene anakupimani muli ndi pakati, napima mwana wanu ku sikelo, ndiye adzazindikira msanga tsiku limene nkhope yanu yasintha. Dokotala wa mu Lusaka, ngakhale akhale wophunzira cotani, akuonani kamodzi ndipo mawa lace aona anthu ena.

Amene afuna kupita ku kiliniki yolipira ali ndi ufulu, koma afunse mtengo asanakhale pansi, ndipo ayang'ane pa cipupa ngati pali cilolezo ca bungwe la Health Professions Council of Zambia. Mapiritsi ogula pa tebulo m'mbali mwa mseu, amene akhala pa dzuwa tsiku lonse, ndi njira yotayira ndarama ndi moyo pamodzi.

Sindifuna kunamiza munthu kuti pa makiliniki athu zonse ziri bwino. Amalume anandiyankha mau amene ndinasowa cotsutsa. Anati, "Mphwanga, ulendo watha ndinapalasa njinga ola lathunthu, ndipo anandipatsa kapepala kuti ndikagule mankhwala ku boma." Dandaulo limeneli ndi la anthu ambiri. Mizere ndi yaitali, nchito icuruka anchito nacepa, ndipo nthawi zina mashelefu amakhala opanda kanthu. M'caka ca 2022 Boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000, ndipo zimenezo tiziyamika, koma namwino wopanda mankhwala ali ngati mlimi wopanda khasu. Munthu amene wabwezedwa kawiri cimanjamanja sadzabweranso kacitatu, adzagulitsa mbuzi ndi kukwera basi.

Cifukwa cace ndipempha a Unduna wa Zaumoyo zinthu zitatu. Mankhwala a BP ndi shuga asamasowe pa kiliniki ya kumudzi, pakuti wodwala matendawa akadumpha sabata ziwiri, nchito ya miyezi yambiri yaonongeka. Uthenga wa pa cipupa ulembedwe m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za anthu, ndipo uwerengedwe mokweza m'mawa uli wonse kaamba ka agogo amene maso anafooka ndi amene sanapite ku sukulu. Ndiponso cipatala cacikulu cikamaliza kuthandiza munthu, cimupatse kalata yobwerera nayo ku kiliniki ya kwao, kuti a kumeneko adziwe copitiriza.

Nafe anthu tiri ndi mbali yathu. Kiliniki iri yonse iri ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi yoizungulira, ndipo m'makomitiwo mukhala anthu wamba osankhidwa ndi anzao. Kumeneko ndiko koyenera kufunsa cifukwa cimene mankhwala anathera, tsiku limene galimoto la mankhwala lidzafika, ndi cifukwa cimene kiliniki itsegulidwa mocedwa. Mafumu ndi anyakwawa aziitana a kiliniki pa misonkhano yao kuti adzanene okha uthenga wa mweziwo. Kudandaulira pa mowa sikunadzazepo shelefu. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu amene ulendo wa ku Lusaka wakhala wosapeweka, cifukwa a kiliniki kapena a cipatala conga Saint Francis ku Katete, Mwami, Minga kapena Nyanje akutumizani, konzekerani bwino. Nyamulani kalata, buku la ku cipatala, citupa canu ca NRC, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale otsala pang'ono. Ngati munamwako mankhwala a zitsamba, nenani poyera, pakuti dokotala safuna kukuweruzani koma kudziwa cimene ciri m'thupi mwanu. Dziwitsani m'bale wanu wa mu tauni musananyamuke, ndipo funsani tsiku limene dokotala wa matenda anu aona odwala, kuti musafike Lacisanu madzulo ndi kukhala caje mpaka Lolemba.

Amalume anabwerera ku mudzi patapita masiku asanu ndi anai, mutu utaleka ndipo buku lao la ku kiliniki liri m'thumba la jekete. Pokwera basi anandiuza kuti pa tsiku la msonkhano wa mudzi adzaimirira ndi kuuza anzao onse a imvi kuti akapimitse mkono dzinja lisanafike. Inu amene mwawerenga tsamba lino, muwerengereni mnzanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo sabata ino mukapita ku cigayo kapena ku msika, patukirani pa kiliniki, muone cimene alemba pa cipupa, ndi kupempha namwino kuti akumangeni cipimo.