Mafumu anasaina, anthu sanafunsidwe

Angerezi atalongedza katundu kuchoka ku India mu Ogasiti 1947, anasiya mafumu oposa 500 ali pamphambano. Madera a mafumuwa sankalamulidwa ndi atsamunda mwachindunji, koma anali pansi pa Britain malinga ndi mapangano. Mapanganowo atatha, mfumu iliyonse inayenera kusankha kokhala: India kapena dziko latsopano la Pakistan.

Ambiri sanavute. Akuluakulu a boma la India, Sardar Vallabhbhai Patel ndi V.P. Menon, anawanyengerera kuti angopereka zinthu zitatu ku boma la ku Delhi: chitetezo, ubale ndi maiko akunja, komanso zamtengatenga ndi mtokoma. Zotsalazo zikhala m'manja mwanu, anawalonjeza choncho, ndipo anasaina.

Zinavuta kumene mfumu inali ya chipembedzo china, anthu ake ambiri a china. Ku Junagadh, mfumu yachisilamu Mahabat Khan inasankha Pakistan, chikhalirecho anthu ake ambiri anali Ahindu. Anthu ataukira, mfumuyo inathawira ku Karachi, ku Pakistan, pandege, agalu ake ili nawo. India inati anthu ndiwo alankhule, ndipo pa riferendamu ya mu Febuluwale 1948, ovotera Pakistan anali 91 okha.

Ku Kashmir zinali zotembenuza. Hari Singh, Mhindu wolamulira Asilamu ambiri, ankazengereza, kufuna kuima payekha osakhumudwitsa mbali iliyonse. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Magulu a zida ochokera ku Pakistan atalowa m'dziko mwake, anathamangira ku India kukapempha thandizo. Anasaina pa 26 Okutobala 1947, ndipo m'mawa mwake asilikali a India anatera ku Srinagar, likulu la Kashmir. Naye Nizam (mfumu) wa ku Hyderabad, Mir Osman Ali Khan, anakakamira ufulu wake mpaka mu Sepitembala 1948, pamene asilikali a India anamugonjetsa m'masiku asanu.

Chondidabwitsa n'chakuti maiko awiriwa ankasinthana mfundo malinga ndi kumene kuli phindu. Ku Junagadh, Pakistan inkati siginecha ya mfumu ndiyo lamulo, India n'kumati ayi, afunsidwe anthu. Kufika ku Kashmir, India ndiyo inagwiritsa pepala la mfumu, Pakistan n'kumalirira anthu. Palibe woyera pamenepa.

Nawo mafumuwo anadyera kusadziwa. Pasanathe zaka zitatu, madera awo anaphatikizidwa m'zigawo za India, ndipo mu 1971 boma la Indira Gandhi linathetsa ndalama za chaka ndi chaka zomwe ankalandira.

Ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu chinali cha Angerezi, poika tsogolo la anthu mamiliyoni m'manja mwa munthu mmodzi wogwira cholembera. Mtsogoleri wa boma la India pa nthawiyo, Jawaharlal Nehru, analonjeza kuti anthu a ku Kashmir adzavota, bungwe la United Nations linavomereza zomwezo mu 1948, koma votiyo sinachitike mpaka lero. India ndi Pakistan zamenyanirana dera limeneli mu 1947, 1965 ndi 1999, ndipo tsopano zonse zili ndi zida za nyukiliya.