KUWALA PA ULENDO WA MOYO

Mwezi uno tikambe za mmisiri wina wa ku America, dzina lake Thomas Cole. Anabadwa ku England chaka cha 1801, naoloka nyanja ndi makolo ake mu 1818, ndipo patapita zaka anakakhala pa mudzi wa Catskill, m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Ntchito yake inali kujambula mapiri, nkhalango ndi mitsinje ndi utoto. Iye sanali Mkatolika, komatu anakhulupirira kuti zolengedwa zimalalikira Mlengi wake, ndipo kuwala kwa m'zithunzi zake kunali ngati ulaliki.

Mu 1840 anatsiriza zithunzi zinai za ulendo wa moyo, nazijambulanso ku Roma mu 1842. M'choyamba, khanda lili m'bwato lotuluka m'phanga lamdima mbandakucha, ndipo mngelo ndiye agwira chiongolero. M'chachiwiri, mnyamata wadzitengera chiongolero, wasiya mngelo pa gombe, maso ake ali pa nyumba yachifumu yooneka m'mitambo. Saona kuti kutsogolo mtsinje ukhotera ku miyala. M'chachitatu, ali bambo wamkulu, chiongolero chathyoka, bwato lilunjika ku mathithi, thambo lada bii. Wapinda manja, apemphera. M'chachinai, nkhalamba yafika pa nyanja yabata, ndipo mngelo aiwonetsa kuwala kotsika kumwamba.

Taonani chinthu chimodzi. M'chithunzi chachitatu mdima wachuluka, koma Cole sanauleke wokha: pamwamba, kumbuyo kwa munthuyo, mitambo yang'ambika pang'ono, ndipo mngelo ali pomwepo, amyang'anira. Mwini bwato samuona ai, pakuti wamfulatira. Koma ife openya chithunzi timuona.

Inu bambo amene nkhokwe yanu yatha dzinja lisanapite, inu mai amene mugona maso ndi mwana wodwala, muli m'chithunzi chachitatucho. Musanene kuti Mulungu wandiiwala chifukwa simuona chithandizo chake. Wa m'bwato uja sanayambe waona kuwala kuti apemphere. Anapemphera kukali mdima.

Cole anamwalira mu 1848, ali ndi zaka 47 zokha, ukalamba umene anajambula osaufika. Tsono tisadikire imvi kuti titembenukire kwa Ambuye. Madzulo ano, sonkhanitsani ana anu, mugwade pamodzi, mupemphe mngelo wokusungani kuti asakusiyeni pa mathithi.