Chigawenga choopsa si Thanos, ndi bambo wa pagolosale

Atsikana anzathu, lero tikangane za makomiki. Musaseke, nkhaniyi ili ndi mano.

Mkangano wa ngwazi za m'makomiki ukabuka, kaya pa WhatsApp kaya pokwerera minibasi, mayina amakhala omwewo: Batman, Spider-Man, Black Panther. Mukafunsa chigawenga chomwe anyamata amachikonda, yankho limabwera musanamalize funso: Joker, Thanos, Killmonger. Ife tamvetsera mokwanira. Tikuti ngwazi yomwe yanyozedwa kwambiri ndi mtsikana wakumudzi wotchedwa Sara, ndipo chigawenga choopsa kuposa zonsezi ndi chomwe Sarayo adalimbana nacho: bambo wa pagolosale.

Tiyambe ndi Killmonger, poti ndiye dolo wa mafana ambiri. Filimu ya Black Panther itatuluka mu 2018, aliyense ankati munthuyu anali ndi mfundo. Sitikukana. Mkwiyo wake pa ukapolo ndi utsamunda ndi womveka, ndipo pomwe ankaloza katundu wa makolo a mu Africa atatsekeredwa m'magalasi ku London, nafenso tidagwedeza mutu. Koma kaonereninso filimuyo, ulendo uno muziwerenga akazi. Chibwenzi chake, chomwe chidamuthandiza kuba, adachiwombera yekha chitangokhala pakati pa iye ndi zomwe ankafuna. Mayi wachikulire wosamala munda wa zitsamba zopatsa mphamvu adamukanyanga pakhosi chifukwa choti wayankha, kenako n'kulamula kuti munda wonse utenthedwe. Msilikali wamkazi wa Dora Milaje adamucheka pakhosi anzake akuona. Ameneyu ndiye womenyera ufulu? Ufulu wa ndani? Amuna otere timawadziwa bwino. Pamsonkhano amalankhula za chilungamo anthu mpaka kuwomba m'manja, kunyumba mkazi amayenda monyang'ama.

Za Joker ndiye n'zochititsa manyazi. Harley Quinn anali dokotala wa matenda a maganizo, dzina lake Harleen Quinzel. Adataya ntchito, dzina ndi nzeru chifukwa cha mwamuna amene m'komiki ya Mad Love ya 1994 adamuponya pawindo. Lero ena mwa ife timaika zithunzi za awiriwa pa status ngati chitsanzo cha chikondi. Asisi, chimenecho si chikondi, ndi mlandu wopita nawo kupolisi. Chaka chomwecho cha 1994, m'komiki ya Green Lantern, ngwazi idabwerera kunyumba n'kupeza chibwenzi chake chitaphedwa, mtembo uli mufiriji. Mu 1999 mayi wina wolemba, Gail Simone, adandandalika akazi a m'makomiki omwe adaphedwa, kugwiriridwa kapena kulandidwa mphamvu, ndipo mndandandawo udatalika moti olemba anzake adasowa pogwira. Ntchito ya mkazi m'nkhani zambiri inali imodzi: kuvutika kuti mwamuna apeze chifukwa chokwiyira.

Tsono Sara ndani? Ena mudamupeza m'laibulale ya kusukulu, timabuku tothothoka m'mphepete, ena mudamuonera pakanema. Adabadwa m'zaka za m'ma 1990 kudzera ku UNICEF, adajambulidwira atsikana a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo amayenda ndi kapusi kake, Zingo. Sauluka. Alibe mkondo wa vibranium. M'nkhani yoyamba, The Special Gift, akuuzidwa kuti ndalama za sukulu yake palibe, iye n'kuwerenga buku, n'kuumba mbaula yosatha nkhuni, mpaka akuluakulu omwe ankafuna kumusiyitsa sukulu kusintha maganizo. M'nkhani ina, The Trap, bambo wa sitolo akumutchera msampha ndi mphatso komanso lonjezo lomuthandiza pa sukulu. Sara sakudikira mnyamata wa nyonga kudzamupulumutsa. Akumvetsera nthano ya agogo ake, akugwirizana ndi anzake, msampha n'kugwira mwini wake.

Mwina mukuti tikukokomeza. Wogulitsa sopo angapose bwanji Thanos, amene adangokhethemula zala theka la anthu n'kuzimiririka? Tiyeni tikwere basi, titsate msewu wa M1 mpaka ku Kasungu.

Kumeneko fodya amayamba ndi nazale dzuwa likuswa mtengo, ndipo wosenza ndowa m'mawa ndi madzulo mukumudziwa. Mvula ikagwa, kuwokera. Kenako kupalira, kuthyola, kusoka masamba, kupachika m'chigafa, kusankha, mpaka kudinda mabelo. Yang'anani manja omwe akuda bii ndi utomoni wa fodya, muwerenge kuti angati ndi a amayi ndi atsikana. Mu 2009 bungwe la Plan lidatulutsa kafukufuku yemwe adachitika m'maboma kuphatikizapo Kasungu, wosonyeza kuti mwana wogwira fodya wonyowa amatha kumwa chikonga kudzera pakhungu chofanana ndi kusuta ndudu 50 patsiku. Chizungulire, kusanza, mutu waching'alang'ala, kenako kubwerera kumunda.

Msika ukatsegulidwa ku Chinkhoma, nkhani imasintha mwini. Mabelo nthawi zambiri amapita m'dzina la bambo, ndalama zimalowa m'thumba la bambo, ndipo makomo ambiri amadziwa nyimbo yake: munthu kusowa sabata zingapo patauni, n'kubwera ndi wailesi ndi ngongole. Mayi yemwe adasoka fodya yense uja akupempha ya mchere. Mwana wamkazi akufuna fizi, yunifomu, mafuta odzola ndi mapadi. Apa m'pomwe amatulukira bambo uja. Savala chigoba kumaso. Saseka ngati Joker. Amapereka moni mwaulemu, amakhala kutsogolo kutchalitchi, amakongoza shuga mayi ako osawakumbutsa. Amangoti ubwere madzulo udzatenge kope. Dzina lake lenileni tonse timalidziwa: chidyamakanda.

Thanos adachotsa anthu dziko lonse likuona, ngwazi zonse n'kusonkhana kukawabweza. Uyu amachotsa atsikana m'kalasi mmodzimmodzi, mwakachetechete. Funsani mphunzitsi wakumudzi kuti atsikana omwe adadzaza Sitandade 1 adatha bwanji pofika Sitandade 8. Palibe amasonkhana kukawabweza. Mudzi umangoti mwanayo anali wothamanga magazi.

Malamulo alipo, sitikuiwala. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Mu 2021 lamulo la ntchito lidathetsa utenanti. Koma lamulo lili m'buku ku Lilongwe, wa golosale ali pakhomo. Mtsikana wa zaka 13 amazindikira mdani ngati adamuonapo kale penapake. Sara adamujambula mdaniyo nkhope yake yeniyeni. Batman sadatiphunzitsepo zimenezo ngakhale tsiku limodzi.

Kasungu si boma losowa ngwazi. Mawu akuti Ngwazi enieniwo kwa zaka zambiri anali dzina la munthu mmodzi wochokera komweko, Kamuzu Banda, ndipo chithunzi chake timachikumbukira: bambo pakati ndi litchowa m'manja, amayi a mbumba atamuzungulira akuvina. Chithunzi chimenechi sichidatichoke m'mutu. Ngakhale a Dora Milaje omwe timawanyadira, Okoye ndi anzake, ndi akatswiri, inde, koma ntchito yawo ndi kulondera mpando wachifumu womwe kwa nthawi yaitali pankakhala amuna okhaokha.

Ngwazi ina ya ku Kasungu ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene adasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kuwerenga buku m'laibulale, n'kumanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Ulemu wake ndi womuyenera, sitimulanda. Koma mufilimu ya Netflix ya 2019, tayang'anani mlongo wake. Njala itafika pachimake akuchoka pakhomo ndi mphunzitsi, ndipo dayinamo ya njinga ya mphunzitsiyo ndi yomwe ikutsala m'manja mwa mchimwene wake. Makina akuzungulira, madzi akutuluka, tonse tikulira ndi chimwemwe. Nanga mtsikana uja? Filimu yake ili kuti? Mwana wowerenga buku n'kupanga chinthu chopulumutsa banja, dziko lonse lidamuwombera m'manja atakhala mnyamata. Sara adachita zomwezo papepala kalekale, ife n'kumuiwala m'katoni ya kuofesi ya ahedi.

Tikudziwa zomwe ena anene. Ati Sara ndi ulaliki wa mabungwe, alibe ndewu, sakoma. Pang'ono akunena zoona. Nkhani zake zimanunkha phunziro, ndipo mwana wozolowera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa a m'mavidiyo sho angayasamule. Koma ngati ndiwo zachepa mchere, timathira mchere, sititaya mphika. Ena ati ndi makatuni chabe, tisiye kusokoneza zosangalatsa. Chabe? Ana amavala Spider-Man pachifuwa asanadziwe kulemba dzina lawo. Agogo athu ankadziwa kuti nthano ya Kalulu ndi Fisi si chabe, n'chifukwa chake ankaisunga mpaka madzulo ana onse atakhala pansi. Chomwe mwana waphunzira kuchikonda m'nthano, akakula amachikhululukira m'moyo.

Ndipo musatiuze kuti sizingatheke kuno. Kungodumpha malire, Malenga Mulendema wa ku Zambia adalenga Supa Team 4, atsikana anayi a sukulu opulumutsa Lusaka, ndipo mu 2023 idafika pa Netflix. Kwathu kuno ojambula tidali nawo kuyambira kale: Brian Hara adatipatsa Pewani, Vic Kasinja adatipatsa Joza. Luso lilipo. Chomwe chikusowa ndi mtsikana wa m'chigafa kukhala mwini nkhani, osati wolira kumbuyo kwa chithunzi cha bungwe lopempha thandizo.

Ndiye inu amene mumajambula kumapeto kwa kope nthawi ya leki, inu olemba timankhani pafoni usiku, tijambulireni ameneyo. Akhale wa ku Santhe, Chamama kapena Nkhamenya. Manja ake akhale akuda ndi utomoni. Akhale wamwano pang'ono, woseketsa, wolakwitsa nthawi zina, wodziwa kuwerengera makilogalamu a belo kuposa bambo ake. Mdani wake musamupatse nyanga. Mumuveke malaya ositidwa bwino, mumupatse kumwetulira ndi buku la ngongole.

Mchimwene wanu akadzayambanso kutamanda Killmonger, musakwiye. Mungomufunsa dzina la chibwenzi chija adachiwombera. Akakanika, mumuuze za Sara.