Mpeni womwe sunalawepo nyama

Ntchito ya mpeni wa mlenje imayamba nyama itagwa kale. Ndi wotumbulira, wosendera chikopa, wolekanitsira mfundo za mafupa. Nchifukwa chake odziwa bwino za mipeniyi sachita chidwi ndi chimpeni chachitali choopsa maonekedwe. Masentimita 10 amakwana, bola mpeniwo uzimvera dzanja ngakhale litanyowa ndi magazi.

Bob Loveless wa ku America ankazimvetsa izi. Ali mnyamata wogwira ntchito m'sitima zapamadzi, analowa m'sitolo ya Abercrombie & Fitch ku New York kuti agule mpeni wa kampani ya Randall, koma anamuuza kuti adikire miyezi isanu ndi inayi. Iye anakatola sipuling'i ya galimoto yakale ya Packard n'kudzipangira wake, ndipo pofika 1954 sitolo yomweyo inali ikugula mipeni yake. Osula a kuno kwathu sangadabwe ndi nkhaniyi, poti nawonso amadziwa kuti sipuling'i ya galimoto yakufa imatulutsa nkhwangwa yabwino. Loveless anadzakhazikika ku Riverside, m'dera la California, n'kutchukitsa mpeni womwe msana wake umatsetserekera ku nsonga pang'onopang'ono. Kutsetsereka kumeneko si kokongoletsa ayi. Potumbula nyama, kukuthwa kumayang'ana kumwamba, ndiye nsonga yotsikayo imayenda pansi pa chikopa osaboola matumbo. Yemwe anadyapo nyama yotayikira ndulu akudziwa kuti kaluso kameneka si kakang'ono.

Komabe zomwe zimasiyanitsa mipeni sizioneka ndi maso. Chitsulo chikasulidwa kapena kupalidwa, amachiotcha mpaka chitasiya kukokedwa ndi maginito, cha m'ma 770°C, n'kupitirirako pang'ono, kenako amachiviika m'mafuta. Chikatuluka m'menemo chimakhala cholimba zedi, tupa amangoterereka, koma n'chosachedwa kuthyoka. Ndiye amachibwezera pa moto wofatsa, wa m'ma 200°C, kuti chitayeko kulimba kwina. Apa mpomwe pagona luso lonse. Ukachifewetsa kwambiri, mpeni ubuntha usanamalize kusenda mwendo umodzi. Ukachisiya chouma, nsonga idzatsalira m'fupa. Wogula sangadziwe chomwe chinachitika pa motopo. Iye amangoona chigwiriro cha nyanga ndi chimake chachikopa chosokedwa bwino.

Bungwe la American Bladesmith Society, lomwe Bill Moran ndi anzake anayambitsa mu 1976, lili ndi mayeso omwe ine ndimawaona kuti ndi achilungamo, ngakhale ndi opweteka. Wosula amabwera ndi mpeni wake pamaso pa katswiri. Adule kamodzi kokha chingwe cholendewera, chonenepa masentimita awiri ndi theka. Adule thabwa kawiri, kenako mpeni womwewo umete ubweya wa pamkono. Pomaliza amaupana m'chopanira n'kuupinda mpaka utachita ngodya ya madigiri 90, ndipo usathyoke. Ukapambana, mpeniwo sugwiranso ntchito, watha basi. Munthu amawononga ntchito ya masiku ambiri pofuna kuonetsa kuti mipeni ina yomwe sadzaipinda ndi yodalirika.

Moran yemweyo ndi amene mu 1973 anaonetsa ku msonkhano wa bungwe la Knifemakers' Guild mipeni ya chitsulo chopindapinda cha Damascus, chokhala ndi mizere yokhotakhota. Luso linakula, mitengo nayo inakwera, ndipo ogula anasintha. Loveless anamwalira mu 2010, ndipo mipeni yake lero imagulitsidwa madola masauzande ambiri. Ndani angalowetse chuma chotere m'mimba mwa gwape? Yambiri ili m'makabati a anthu osonkhanitsa mipeni, imapukutidwa ndi kansalu, sinalawepo nyama.

Sindikudzudzula wogulayo, ndalama ndi zake. Wosulanso ali ndi ana ofuna sukulu, ndipo osonkhanitsa mipeni ndi amene apangitsa kuti anthu ambiri azidya ndi ntchito ya manjayi pamene mafakitale akutulutsa mipeni yotchipa yomwe, kunena zoona, imadula bwino ndithu. Nkhawa yanga ili pa china. Maonekedwe onse omwe lero tikuwatama anachokera m'madandaulo. Mlenje ankabwerera kwa wosula n'kumuuza kuti chigwiriro chikuterera, kuti mpeni ukulemera kutsogolo, kuti kunola kwake n'kovuta uli m'tchire dzuwa likulowa. Wosula ankamva, mwina mokwiya, n'kukonza pa mpeni wotsatira. Wosunga mpeni m'kabati sabwera ndi dandaulo lotero, amangoitanitsa wina wokongola kuposa woyamba, ndipo wosula wachinyamata yemwe ogula ake onse ndi otere atha kukalamba osadziwa ngati chitsulo chake amachiotcha bwino.