ZA UMOYO M'BANJA: Wovulala msana si thumba la chimanga

Abale ndi alongo, nyengo ya mango ikafika ana athu amagwa m'mitengo. Ena amadumphira m'nyanja pamalo osaya, enanso amagwa pa kabaza mumsewu wa ku Monkey Bay. Ife chifundo chikatigwira, wina amagwira mikono, wina miyendo, n'kumuponya pa matola. Apa m'pamene timalakwitsa.

M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Fupa likathyoka, kumupinda munthuyo kungadule mtsemphawo, ziwalo n'kuferatu. Tsono wina akagwa n'kumamva kuwawa khosi kapena msana, kapena dzanzi m'miyendo, musamukhazike tsonga. Mutu umodzi susenza denga: itanani anthu 4. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, enawo amutembenuze nthawi imodzi ngati chipika, amugoneke pa chitseko mpaka akafike ku chipatala cha Mangochi.

Akatuluka ku Queen Elizabeth kapena ku Kachere ku Blantyre, kumene amaphunzira kudzithandiza, ntchito imatsalira ife. Mdani wamkulu ndi zilonda zobwera pogonera mbali imodzi, pakuti wodwalayo samva kupweteka. Dokotala Ludwig Guttmann, amene anatsegula wodi ya ovulala msana ku Stoke Mandeville ku England mu 1944, ankalimbikira kuti odwala azitembenuzidwa maola 2 aliwonse, usana ndi usiku. Nafenso tizitero. Yang'anani m'chiuno, m'matako ndi zidendene tsiku lililonse. Pamene pafiira kapena pada, asagonerepo. Musamukoke pamphasa kapena kumunyamula m'khwapa. Yalani chitenje cholimba pansi pake, awiri mugwire uku ndi uku. Pindani mawondo ponyamula, kuti nanunso musavulale msana.

Koma dziwani kuti amene mwagwirayo ndi bambo wa ana, ndi mayi wa pakhomo. Odirani musanalowe, muuzeni chimene mukufuna kuchita, ndipo dikirani avomere. Pomusambitsa tsekani chitseko, vundukulani pokhapo pamene mukutsuka, ndipo mumufunse amene akufuna kuti amusambitse. Za mikodzo ndi chimbudzi chake sizokamba pamaso pa alendo. Nthawi ya swala ikakwana, muthandizeni kuyang'ana ku kibula.

Alendo akabwera asamafunse inu kuti "wagona bwanji?" mwini wake ali pomwepo. Miyendo ndiyo yafooka, koma makutu akumva ndipo pakamwa pakuyankha.