Kapu ya Khofi ndi Beseni la Matimati

Sukulu zikatsekera, mabanja ambiri amanyamuka kukaona abale, ndipo mseu wa M1 wochokera ku Lilongwe kunka ku Blantyre umadzaza ndi mabasi ndi magalimoto. Ulendowu ngwa makilomita oposa 300, ndipo pouyenda munthu amadya, amamwa, amagula, nalankhula ndi anthu amene sadzaonana nawonso. Tsono mwezi uno ndati tikambirane za mayendedwe athu, pakuti khalidwe lenileni la munthu limaonekera kumene kulibe womudziŵa.

Mukadutsa Nathenje ndi pa Kamphata, pamene pamapatukira mseu wa ku Nkhoma, mtunda umayamba kukwera, ndipo pofika ku Dedza mphepo imakhala yozizira ngakhale dzuŵa lili pamutu. Kuchokera apo kuloŵera ku Ntcheu mseu umatsata malire a dziko lathu ndi Mozambique, kotero kuti pa Lizulu munthu angathe kugula kabichi m'Malaŵi naoloka mseu kukagula anyezi m'dziko lina. Mukapitirira Ntcheu mumatsikira ku chigwa chotentha cha milambe, mpaka kukaoloka Shire pa Zalewa. Makolo, musalole kuti ana ayende ulendo wonsewu maso ali pa foni. Zimene ife aphunzitsi timavutika nazo kujambula pa bolodi zili pa zenera la basi. Afunseni chifukwa chake mbatatesi imachita bwino ku Dedza pamene mlambe umakonda ku Zalewa, ndipo adzakhala ataphunzira za dziko lao osatsegula buku.

Pafupifupi pa msika uliwonse wa m'mbali mwa mseu pali tiirumu, kanyumba ka benchi ndi tebulo, ketulo yaikulu ili pa mbaula, masikono ndi mandasi ali m'mbale. M'menemo mlimi, wakabaza ndi mphunzitsi amakhala pa benchi limodzi, ndipo wapaulendo amamva mtengo wa chimanga ndi m'mene mvula idagwera m'deralo. Masiku ano kwabweranso nyumba zomwera khofi, makamaka m'mizinda, ndipo pa mseu umenewu ambiri amapatukira ku Dedza Pottery kukamwa khofi ndi kuona mbale ndi makapu oumbidwa pomwepo. Achinyamata ena amayesa kuti khofi nchakumwa cha alendo akunja, osadziŵa kuti wakhala m'nthaka yathu zaka zoposa 140.

Mbande zoyamba za khofi zidafika pa Mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, m'manja mwa Jonathan Duncan amene ankasamala munda wa pamishonipo. John Buchanan ndi abale ake adamulima kwambiri ku Zomba, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye adali mbeu yaikulu yogulitsa kunja, mwakuti mtengo wake udajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda. Itapita 1900 ulimiwu udagwa chifukwa cha tizilombo, kuchepa kwa mvula ndi kutsika kwa mitengo pamene khofi wa ku Brazil adachuluka pa misika, ndipo fodya, thonje ndi tiyi zidatenga malo. Komabe mbeuyo sidafe. Alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya amalima khofi nagulitsa kudzera m'bungwe lao la Mzuzu Coffee, ndipo ku Thyolo kuli minda ina ikuluikulu.

Mlimi wa khofi amadikira zaka ngati zitatu mtengo usanabale. Zipatso zikafiira amathyola ndi manja chimodzichimodzi, nazisenda tsiku lomwelo, kuziviika, kuzitsuka ndi kuziyanika pa thandala masiku ambiri zisanakazingidwe. Amene wadziŵa zimenezi sadandaula poona mtengo wa kapu imodzi, ndipo nkoyenera kutero.

Koma pali chinthu chimene chimandivuta mumtima. M'nyumba ya khofi mtengo umalembedwa pa pepala, ndipo timalipira mwaulemu osanenerera, mwinanso kusiyira woperekera kangachepe. Patangopita ola limodzi, munthu yemweyo amaima pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano, nayamba kulimbana ndi mai wa beseni la matimati ngati walimbana ndi wakuba. Amadziŵa kuti matimati sagonera masiku, kuti ogulitsa ngochuluka, ndi kuti basi ikuliza kale hutala, tsono amatsitsa mtengo mpaka maiyo avomere ndi nkhope yakugwa. Ena amalandira katundu pa zenera, nachedwa dala kutulutsa ndalama kufikira basi itanyamuka, mwana wogulitsa nkumathamanga pambuyo pake pakati pa magalimoto. Kumeneko nkuba, ngakhale ndalamazo zikhale zochepa chotani.

Kunenerera pa msika si kulakwa, ndi mwambo wathu, ndipo ogulitsa amayembekeza kutero. Koma pali malire amene mtima wa munthu umaŵadziŵa. Mai uja adagula feteleza, adathirira dimba ndi khasu ndi ndowa, adasenza beseni m'mamaŵa kuli chisanu, ndipo ndalama imene mukuikanirirayo ndiyo ya sopo ndi makope a ana ake. Thukuta lake silisiyana ndi la mlimi wa ku Misuku. Ana athu amene akhala pambali pathu amaona zonsezi, naphunzira kuti ulemu umaperekedwa kwa amene ali m'nyumba ya magalasi, koma wokhala pa fumbi angathe kuponderezedwa. Phunziro limenelo akalitenga, mphunzitsi sangalifufute.

Choncho pokonzekera ulendo sungani ndalama zing'onozing'ono m'thumba lapafupi, kuti mulipire musanalandire katundu ndipo wogulitsa asavutike kufuna chenji. Perekani moni musanafunse mtengo. Mapepala apulasitiki ndi mabotolo musataye pa zenera, pakuti m'mbali mwa mseu ndi pakhomo pa anthu ndi podyera ziŵeto zao. Dalaivala akamathamanga mopitirira, kapena akamwa moŵa popumira, lankhulani nonse pamodzi, poti kuthamanga si kufika. Ndipo ngati nthaŵi ilola, loŵani m'tiirumu ndi ana anu, mukhale pa benchi pamodzi ndi eni dera. Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma anthu a pa Lizulu amatsala akukumbukira m'mene mlendoyo adaŵalankhulira.