Lusaka si Zambia yonse

A Mkonzi,

Ndikutsutsa mnzathu wa ku Lusaka amene analemba kuti pa nthawi ya Covid-19 boma linkalankhula ndi mtundu wonse kudzera pa TV. Mtundu wonse uti, bambo?

Kuyambira pa 18 March 2020, pomwe odwala awiri oyamba anapezeka, a Chitalu Chilufya, nduna ya zaumoyo panthawiyo, ankaonekera pa ZNBC pafupifupi tsiku lililonse, kuwerenga ziwerengero m'Chingerezi. Inu munkaonera muli pa sofa. Kuno ku Chama, mlimi wa mpunga wa kwa Kambombo kapena kwa Tembwe alibe TV, magetsi sanamufike, ndipo amalankhula Chisenga, chomwe sichili pa zilankhulo 7 zimene ZNBC imaulutsira. Uthenga unkatipeza utadutsa pakamwa pa anthu asanu, utasanduka mphekesera. Ena mpaka ankati matendawa ndi a anthu okwera ndege.

Nthawi imeneyo Chama inali m'chigawo cha Muchinga, pamodzi ndi Nakonde. Malire a Nakonde atatsekedwa mu May 2020, nkhani yake inamveka dziko lonse. Nanga njira zathu zachidule zopita ku Malawi, kumene tili ndi abale, maliro ndi misika, ndani anazitchula? Boma linkatiuza kuti tizisamba m'manja kawirikawiri, osafunsa kuti mjigo uli patali bwanji.

Sindikunyoza anamwino athu. Anagwira ntchito yowawa. Ndikufunsa atolankhani: mwa mafunso onse amene munafunsa nduna, ndi angati anali okhudza chigwa chathu cha Luangwa?

Wowerenga wanu,
Chama